Apongozi akuyendabe

Mwezi wa June chaka chatha ndinapita pa galaja ina ya pansi pa mtengo ku Garden mu Lusaka, kukasiya mashoko amene makanika wa pamenepo anaitanitsa. Ndalama zinali zisanakwane, ndiye anandiuza kuti ndidikire pang'ono, mwini galimoto ali m'njira. Ndinakhala pa tayala lakutha, manja ndili pisu m'matumba a jekete chifukwa cha kamphepo kaja ka June kobwera ndi fumbi. Kenako mnyamata wina wa ovolosi yonona ndi oyilo anadzutsa mutu mu boneti n'kukuwira mnzake:

"Iwe, chotsa wilibala panjira, Apongozi afika!"

Ndinangopezeka ndaimirira. Panali patadutsa zaka zoposa 10 ndisanamve munthu akutchula galimoto ndi dzina limenelo.

## Kugwada kwa m'mawa

Ndinabwera mu Lusaka mu 2005 kuchokera kwathu ku Katete. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndi amene ananditenga kuti ndidzapitirize sukulu, ndipo tinkakhala ku Chawama. Iwo ankayendetsa takisi. Galimoto yawo inali Toyota Corolla yoyera, ija ya AE100 imene inayamba kupangidwa mu 1991. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde ngati zinzake zambirimbiri, itatumikira kale munthu wina ku Japan amene sitidzamudziwa. Pa galasi panali timapepala tomata ta zilembo za Chijapani, ndipo amalume sankalola munthu kutimatula. Ankati ndi mphini zake za kwawo.

Amalume anali aafupi. Njanji ya mpando wa dalaivala itathyoka, anapita kwa wowotcherera wa pamsika n'kumuuza kuti aukankhire kutsogolo mpaka pomwe miyendo yawo ikufika, auphe pomwepo. Anaikapo kachitsulo kaphanthiphanthi ndi timfundo titatu towotcherera. Kuyambira tsiku limenelo mpandowo sunasunthenso.

Inali galimoto yomvera, koma inali ndi vuto limodzi. Kukazizira, ukapotoza kiyi inkangoti "tcha" n'kukhala chete. Mabulashi a m'sitata anali atadyeka, ndiye sankakhudza bwino. Mankhwala ake amawadziwa dalaivala aliyense wakale: wina amapotoza kiyi, wina akugogoda sitatayo pang'ono ndi chitsulo kuti timabulashi tigwedezeke, moto udutse. Wopotoza kiyi ndinali ine. 5 koloko m'mawa, kusanayere bwino, amalume ankayala saka pansi, n'kugwada pambali pa tayala lakutsogolo, mutu atazyolika, dzanja atalipisa pansi ndi sipanala ya matayala.

"Muphwa, tayesa."

Tcha.

"Dikira kaye. Tayesanso."

Kachitatu kapena kachinayi injini inkalira. Iwo ankadzuka, n'kusasa fumbi m'maondo, n'kuomba m'manja kamodzi.

Moyandikana nafe munkakhala mayi wina wa ku Petauke amene ankalawirira kusesa pabwalo. Tsiku lina anaimitsa tsache n'kunena kuti, "Koma aneba, kugwada kumeneku m'mawa uliwonse, ndi kuomba m'manja komwe, mwafika kwa apongozi kodi?" Amalume anaseka mpaka anakhalanso pansi pa saka paja. Pofika madzulo anzawo onse a pa renki anali atamva, ndipo dzina linali litamera mizu.

Chimene chinasintha kwambiri ndi malankhulidwe a panyumba. Galimoto timati "yafika", "yawonongeka", "yatha mafuta". Koma kuyambira tsiku lija palibe ananenanso choncho. Zinakhala "Apongozi adzuka?", "Apongozi sanamwe lero", ndipo tayala likaphwa, "Apongozi apweteka mwendo". Chinenero chathu chili ndi malo a anthu ndi malo a zinthu, ndipo Corolla ija tinaichotsa kwa zinthu n'kuikhazika kwa akuluakulu. Ukafika potero sungamenyetsenso chitseko chake, ngakhale utakwiya chotani.

Patapita miyezi ingapo ndalama zinapezeka, sitata inakonzedwa, kugwada kunatha. Dzina linatsala.

Ine ndinkachita nalo manyazi, ndinene zoona. Ndinali mnyamata wochokera kumudzi wofunitsitsa kuoneka wa m'tauni, ndipo amalume akandisiya pa geti ya sukulu n'kunena mokweza kuti "Watsanzika Apongozi?", ndinkasowa poyang'ana. Ndinayamba kuloweza manambala: AE100, injini ya 5A-FE, 1500cc. Munthu akandifunsa za galimoto ya amalume ndinkayankha ndi zimenezo, poganiza kuti ndiwo mayankho a munthu wophunzira.

## Pa Manenekela

Mu August 2008 tinanyamuka kupita ku Kulamba ku Mkaika. M'galimoto munali amalume, akazi awo, kamwana kawo ka zaka 5, ine, ndi apongozi enieni a amalume, amene anabwera mu Lusaka kudzaona adzukulu ndipo tsopano ankabwerera kumudzi. Usiku woti mawa tinyamuka, agogo atagona, tinakhalirana pansi. Lamulo linali limodzi: paulendo wonse galimoto ndi galimoto basi, dzina lija lisatuluke pakamwa pa munthu. Inu a kwathu mukudziwa kulemera kwake. Mkamwini amapatuka panjira akaona apongozi akubwera, sadya nawo mbale imodzi, sawayang'ana m'maso. Ndiye amve kuti ulemu wawo mwaupereka kwa chitsulo cha matayala anayi?

Tinadutsa Chongwe, tinadutsa Rufunsa, aliyense akulankhula mochenjera ngati ali pabwalo la milandu. Pokwera mapiri a Manenekela, tisanafike pa mlatho wa Luangwa, muvi wa kutentha unayamba kukwera. Amalume anapatukira pambali n'kutsegula boneti, nthunzi ili tolotolo. Pamenepo kamwana kaja kanalankhula, ndi chisoni chenicheni:

"Atate, Apongozi atopa."

Agogo anatembenuka. "Ine? Sindinatope ayi, mwanawe."

"Si inu agogo. Awa." Kanasisita mpando.

Amalume anabisa nkhope kuseri kwa boneti ndipo sanatulukeko. Iwo sakanatha kufotokoza, mwambo sukanalola. Anafotokoza ndi akazi awo, motsitsa mawu, za sitata, za saka, za mayi wa tsache uja. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto osadula. Kenako anaseka, kuseka kogwetsa misozi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Atapuma anati, "Ngati amagwada m'mawa uliwonse osadandaula, ndiye kuti mwana wanga ali pabanja pa munthu waulemu. Auzeni awapatse madzi anzangawo, ulendo udakalipo."

Tinadikira injini izizire, tinathira madzi, tinapitirira. Pa Luangwa agogo anagula nsomba zouma, pa Nyimba nthochi, ndipo ponyamuka paliponse ankagogoda chitseko ndi chala n'kunena kuti, "Tiyeni, anzanga." Tinalowa mu Katete usiku, pafupifupi makilomita 500 kuchokera pakhomo, ndipo muvi uja sunakwerenso.

## Tinagulitsa

Amalume anatisiya mu 2012. Za zimenezo sindilemba zambiri. Ana anali pasukulu, lendi inkafunika, ndipo banja litakhala pansi linagwirizana kuti galimoto igulitsidwe. Inali nthawi ya ndalama zakale, kwacha isanachotsedwe maziro atatu mu January 2013, ndiye mtengo wake unali m'mamiliyoni, ndipo mamiliyoniwo anapita ku fizi. Ine ndi amene ndinapereka makiyi ndi white book, chikalata cha umwini wa galimoto, kwa wogula, bambo wina wa ku Kanyama. Ndinamuuza za oyilo, za tayala la sipeya, za mpando wosasuntha. Dzina sindinamuuze. Ichi ndikuchikumbukira bwino, chifukwa linafika pakamwa ine n'kulimeza. Ndinkaona ngati ndi la m'nyumba mwathu, ndipo lapita ndi mwini wake.

Moyo wanga kuyambira pamenepo wakhala wa magalimoto omwewo. Ndimagulitsa masipeya m'tauni, ndipo nthawi zina ndimapita ku Dar es Salaam kukatenga magalimoto a anthu amene aitanitsa ku Japan pa intaneti. Ntchito imeneyi ndi ya manambala. AE100 ndi AE110 ndi pachibale, koma nyali ya imodzi silowa pa inzake. NZE121 imene inatuluka mu 2000 ndi mtundu winanso, injini yake ndi 1NZ-FE. Ukaphonya chilembo chimodzi, kasitomala amabwerera madzulo ndi sipeya m'manja ndi mkwiyo kumaso. Ndiye munthu akafika pa kauntala n'kuyamba kuti "ndikufuna bampa ya kamotoka kanga kaja timati...", ndinkamudula pakamwa: bweretsani chassis number, bwana, za maina kunyumba. Nambalayo imafunikadi, mpaka lero ndimaifunsa. Koma ndinkaifunsa monyoza, ngati kuti amene akutchula galimoto yake ndi dzina lamasewera sadziwa kanthu.

## Galimoto yabuluu

Imene inalowa pa galaja paja inali yabuluu, penti ya pamanja yooneka mizere ya bulashi. Mpando wakumbuyo unali utachotsedwa, m'malo mwake muli mabokosi a tomato opanda kanthu. Bampa yakutsogolo inali yomangidwa ndi waya, ndipo nyali yakumanzere inali yachikasu ndi ukalamba pamene yakumanja inali yatsopano. Pa galasi panalibe kapepala ka Chijapani ngakhale kamodzi. Thupi lokha ndiye linali la AE100, mapewa ake ozungulira aja. Ndinadziuza kuti apongozi ndi ambiri mu Lusaka, nthabwala imodzi ikhoza kubadwa pawiri.

Mwini wake anatsika movutikira. Anali bambo wamtali, ndipo potsika maondo ake anagunda chiwongolero. Mtima wanga unayamba kuthamanga. Ndinamupatsa moni, n'kupempha kuti ndisuzumire m'kati. Anadabwa koma analola. Ndinagwada pakhomo la dalaivala n'kupisa dzanja pansi pa mpando. Kachitsulo kaja kanali pomwepo. Ndinawerenga ndi chala: kamodzi, kawiri, katatu.

Ndinakhala chogwada nthawi yaitali. Anyamata a pa galaja anasiya kugogoda. Makanika wamkulu, mdala wa imvi amene anali akupukuta pulagi ndi kansalu, anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Mwawagwadira bwino. Mukuwadziwa eti?"

Ndinadzuka n'kufunsa mwini galimoto kuti dzinalo analitenga kuti.

"Ndinagula nalo, akulu. Amene anandigulitsa nayenso anagula nalo."

Iye anali wachinayi kukhala nayo chichokereni m'manja mwathu. Mdala uja ndiye anandilumikizira nkhani, monga anaimvera kwa madalaivala. Bambo wa ku Kanyama uja atapita nayo pa renki tsiku loyamba, anzawo a amalume anaizindikira ikadali patali. Wina anakuwa kuti Apongozi abwera ndi mkamwini watsopano, ena n'kuvula zipewa. Basi, dzina limene ine ndinalimeza linakamupeza mwini watsopano pa renki, ndipo kuchoka pamenepo linayenda lokha, galaja ndi galaja, mwini ndi mwini.

Ndinafunsa dala kuti n'chifukwa chiyani amatchedwa choncho.

"Chifukwa chimene apempha sukana," anatero mwini galimoto. "Akati oyilo, ndi oyilo. Akati tayala, umakongola ndalama n'kugula. Ukakana, ugona panjira."

Mnyamata wa ovolosi uja anatsutsa. Iye anamva kuti ndi chifukwa sathamanga, amayenda mwaulemu ngati munthu wamkulu wopita kutchalitchi. Mdala anapukusa mutu: "Ayi. Akamwini amasintha, iwo ali pomwepo."

Mayankho atatu, onse omveka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa za saka. Ndinawafotokozera. Ndinawauza za Chawama, za kuzizira kwa 5 koloko, za mayi wa tsache, za Manenekela. Nditafika pa kuomba m'manja kwa amalume mawu anandithawa, ndipo palibe anandifulumizitsa. Mwini galimoto anavula kapusi yake, n'kundipatsa kiyi. Ndinakhala pa mpando uja, miyendo yanga n'kufika bwinobwino, pakuti msinkhu ndinatengera kwa amalume. Ndinapotoza. Inalira nthawi yomweyo.

Pocheza anandiuza zimene zinasinthidwa. Injini ya 5A-FE imene ndinkanyadira kuloweza ija inafa kalekale, muli ina. Giyabokosi ndi ina, galasi lakutsogolo ndi lina, penti ndi ina, sitata sakudziwa kuti ndi yachingati. Za nthawi ya amalume zatsala zitatu: thupi, mpando, ndi dzina limene mayi wina ananena atagwira tsache.

## Tsopano ndimamvetsera

Chibwerereni ku Garden, munthu akayamba kuti "kamotoka kanga kaja timati...", ndimamusiya amalize. Ndipo ndaona kuti maina amenewa ali ndi njira zake zobadwira.

Yoyamba ili m'kamwa mwathu momwemu, moti sitiiona n'komwe. Ndi ka- ndi chi-. Palibe amene amangoti Vitz, amati kaVitz. Palibe amene amangoti Prado, amati chiPrado. Tizilembo tiwiri timeneti timanyamula kukula kwa galimoto, mtengo wake, ndi mtima wa wolankhulayo. Hilux imodzi yomweyo ndi "kaHilux kanga" kwa mwini wake amene anaisungira ndalama zaka zisanu, koma ndi "chiHilux chija" kwa mayi amene yamuthira matope pa Lumumba Road nthawi ya mvula. Dzina lamasewera limayambira pamenepo, lisanapeze mawu akeake.

Zina ndazimva ku Dar es Salaam, pamene timakhala masiku tikudikira mapepala a padoko ndi madalaivala a maiko ena, tikumwa tiyi. Nditatchula AE100, mnzathu wa ku Kampala anati kwawo imatchedwa Kikumi, kutanthauza 100 m'Chiganda. Wa ku Harare anati kwawo ndi bubble, chifukwa cha thupi lake lozungulira. Galimoto imodzi, wina waona nambala, wina waona mapewa. Ngakhale ku Japan komweko okonda magalimoto amachita zomwezo: Corolla ya AE86 amaitcha Hachi-Roku, kungowerenga 8 ndi 6 m'chinenero chawo, koma mwachikondi. Izi zinandikhudza, chifukwa manambala amene ine ndinkabisalamo pothawa maina, anzathu anawasandutsa maina.

Ku South Africa amayang'ana liwiro. BMW 325iS ya E30 amaitcha Gusheshe, ndipo ku Soweto ya kumeneko, osati msika wathu wa Soweto wa tomato ndi kapenta, anyamata amaizunguliza pabwalo mpaka matayala kufuka utsi. Maminibasi awo anawatchapo Zola Budd, dzina la mtsikana wothamanga wa m'zaka za m'ma 1980 amene ankapikisana wopanda nsapato. Ku Nigeria amayang'ana ulemerero: Honda Accord ya 2003 anaitcha End of Discussion, kuti ukaigula mkangano wa amene ali ndi galimoto yabwino watha. Itatuluka ina yokonzedwanso anati Discussion Continues. A ku Tanzania ma Land Cruiser akuluakulu a mabwana amawatcha shangingi, mawu amene amanenanso mkazi wokonda zapamwamba.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa si maina onse amene ndimawakonda. Alipo ena amene ndimawamva pa kauntala onena timagalimoto ting'onoting'ono, ongofuna kunyoza azimayi amene amatiyendetsa, ngati kuti mkazi sangagule galimoto ndi thukuta lake. Ndikudziwa manesi ndi aphunzitsi amene anatenga ngongole zaka zitatu kuti apeze kaVitz kopititsira ana kusukulu. Maina otero sindiwabwereza, ndipo pano sindiwalemba. Amasiyana ndi la Apongozi pa chinthu chimodzi: amachokera kwa munthu woima patali amene sanaikankhepo galimotoyo, sanaigonerepo pansi. Mayi wa tsache uja anali ataona maondo a amalume ali pa saka m'mawa wambiri asanatsegule pakamwa.

## Dzina lenileni ndi liti?

Kale ndikanati lenileni ndi la pa buti, lolembedwa ndi zilembo zonyezimira. Koma nalonso anthu anachita kukhala pansi n'kulipeka. Corolla ndi mawu a Chilatini otanthauza kachisoti kachifumu kakang'ono, ndipo Toyota yakhala ikuligwiritsa ntchito kuyambira 1966. Vitz imene yadzaza mu Cairo Road inkagulitsidwa ku Ulaya ngati Yaris, ndipo mu 2020 ku Japan komweko anasiya dzina la Vitz. Pajero ku Britain inali Shogun, ku Spain ndi ku America inali Montero. Kampani imasintha dzina malinga ndi msika, ngati wogulitsa salaula wosintha mtengo poona nsapato za kasitomala.

Ndipo nthawi zina anthu amapambana. Kagalimoto kotchuka ka Volkswagen kaja, ka Beetle, pa mapepala kanali Type 1. Anthu a ku Germany anakayang'ana n'kuti Käfer, chikumbu. A ku Brazil anati Fusca, a ku Mexico anati Vocho. Pamapeto pake kampani inagonja n'kuyamba kugwiritsa ntchito dzina la mumsewu, ndipo pamene komaliza ka mtundu wakalewo kankatuluka m'fakitale ya ku Puebla mu 2003, panalibe amene ankakumbukira za Type 1 kupatula a mabuku.

Kwa ife kuno nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Amalume ankakamba za nthawi imene ma Fiat ankalumikizidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970, koma ife a m'badwo uno magalimoto athu ambiri amabwera atakula kale. Ku Japan galimoto imayesedwa ikakwana zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula, ndiye ambiri amagulitsa ikadali yolimba. Iwo amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, choncho chiwongolero chimakhala kale mbali yoyenera. Koma imafika ili mlendo weniweni. Wailesi yake imathera pa 90, masiteshoni athu ambiri osawagwira mpaka uikemo kachipangizo kowonjezera. Ukaliza injini, mawu a mkazi amalankhula Chijapani kuchokera pansi pa dashibodi, ndipo palibe m'nyumba amene amadziwa ngati akupereka moni kapena akuchenjeza. Mabatani onse ndi a zilembo zosawerengeka. Kwathu mwana amakhala m'chikuta masiku angapo, ndipo akamatuluka kukaonekera kwa anthu amapatsidwa dzina. Ndimaona ngati galimoto imakhalanso m'chikuta chake, mwina mwezi, mwina chaka, mpaka tsiku limene yakwiyitsa munthu kapena yamupulumutsa, wina n'kunena mawu amodzi onse n'kuseka. Za msonkho ku ZRA ndi za kulembetsa ku RTSA zimakhala zitatha kalekale, koma pakhomo imalowa tsiku limenelo.

Yanga ndi Allion, ndakhala nayo zaka zinayi, ndipo ilibe dzina. Ndayesapo kuganiza angapo, koma onse amafera pakamwa. Ndikudikira kuti wina adzaone chimene ine sindikuchiona.

## Foni ya ku Katete

Madzulo a tsiku lija ndinaimbira akazi a amalume. Anabwerera kumudzi ana atakula, ndipo ine ndimawatcha amayi chifukwa anandilera. Titapatsana moni n'kufunsana za chimanga ndi za miyendo yawo, ndinati:

"Amayi, lero ndawaona Apongozi."

Panakhala chete. Agogo aja anatisiya kalekale, ndiye panalibe chifukwa chofunsira kuti apongozi ake ati. Ndinkamva nkhuku ndi wailesi ya aneba kumbuyo.

"Akuyenda?"

"Akuyenda, amayi. Avala zabuluu tsopano. Amanyamula tomato kupita naye ku Soweto."

"Nanga m'mawa amadzuka bwino?"

"Amadzuka kamodzi n'kamodzi. Ndayesa ndekha."

"Mpando uja?"

"Uli pomwepo. Mkamwini wa lero ndi wamtali, akuvutika nawo, koma sanauchotse."

Anaseka pang'ono, kenako ndinamva akufwenthera. Atakhazikika anati, "Mwana wanga, ukawaonanso ukawauze kuti ana onse anamaliza sukulu."

Loweruka lotsatira ndinalawirira ku Soweto kusanache. Ndinawapeza ataima m'matope kuseri kwa malole a kabichi, buti ili yasa, anyamata akutsitsa mabokosi. Ndinadikira amalize, n'kuyandikira pambali pa tayala lakutsogolo, ndipo ndinapereka uthengawo.